Kuno ku Joni vidiyo ikuonetsa bwinobwino, kumudzi akungomva mawu okha

Loweruka lina ndinajambula chinkhoswe cha mlamu wanga ku Cosmo City, kuyambira mmawa azimayi akusenda mbatata kuseri kwa nyumba mpaka madzulo nthawi ya perekaniperekani, maRand akuuluka anthu akuvina osafuna kukhala pansi. Ndinatha masiku atatu ndikudula ndi kulumikiza usiku ndikaweruka kuntchito, kenako ndinaika vidiyo ija mu fulashi nkupatsa transporter amene amatinyamulira katundu. Fulashi inafika ku Ntcheu bwinobwino. Abale anasonkhana kwa mayi ake a mlamu wangayo, ena anachokera kutali ndithu, ana atakhala pa mkeka kutsogolo kwa TV, batire ya sola ataitchaja tsiku lonse. Cha mma 7 usiku foni yanga inalira, anali mng'ono wake wa mkwati. "Alamu, kuno tikungomva nyimbo ndi nthungululu koma anthuwo sitikuwaona, TV yangoda bii."

Zinandipweteka kwambiri chifukwa mayi aja sanabwere ku chinkhoswe, za pasipoti ndi ndalama ya basi zinavuta, nde vidiyo imeneyo ndi imene amadalira kuti amuone mpongozi wawo. Fulashi inalibe vuto, TV inalibe vuto, pa laputopu yanga chilichonse chimaoneka. Vuto linali mmene ndinaisungira fayilo ija. Ndipo poti ambiri kuno timajambula maukwati, makwaya, maliro, ena mumajambula madiresi amene mwasoka kuti makasitomala aone, ndati ndifotokoze zimene ndinaphunzira kuchokera tsiku limenelo, chifukwa munthu amene timamujambulira nthawi zambiri sali kuno, ali kumudzi ndi kafoni kakang'ono ndi bandulo yowerengeka.

Tiyambe ndi zilembo zitatu zimene mumaziona kumapeto kwa dzina la fayilo, monga mp4, mov, avi, mkv. Anthu ambiri amaganiza kuti imeneyo ndiye vidiyoyo, ayi. Imeneyo ndi envulopu chabe. Mkati mwa envulopu muli kalata, ndipo kalatayo inalembedwa mchilankhulo china chake chimene akatswiri amachitcha codec. Mutha kutumiza envulopu yooneka bwino kwa agogo, iwo nkuing'amba bwinobwino, koma ngati kalatayo mwailemba mChizulu angoyang'ana mapepala basi. Komanso mu envulopu imodzi mumakhala makalata awiri, ina ya zithunzi ina ya mawu, iliyonse ndi chilankhulo chake. Nchifukwa chake TV ya ku Ntcheu inatulutsa nyimbo koma zithunzi ayi. Envulopu inali MP4 ndipo inaitsegula, mawu anali mchilankhulo cha AAC ndipo inawamva, koma zithunzi zinali mchilankhulo cha H.265 chimene TV ija sichidziwa.

Maenvulopuwa ali ndi mbiri yake. MOV ndi ya Apple, inabwera ndi QuickTime mu 1991, ndipo mpaka lero iPhone imasunga mavidiyo ake mu MOV. AVI ndi ya Microsoft ya mu 1992, ija tinkaipeza pa maCD a mafilimu kale lija. MP4 anaipanga potengera MOV yomweyo, nde ziwirizi ndi pachibale kwambiri. MKV dzina lake lonse ndi Matroska, inayamba mu 2002, dzinalo analitenga ku tizidole ta ku Russia tija kena kamalowa mkati mwa kanzake, ndipo imanyamula chilichonse, mawu a zilankhulo zingapo, ma subtitle, zonse, koma si makina onse amene amailandira. WebM ndi ya Google ya mu 2010, anaipangira pa intaneti. 3GP mukuikumbukira, ya mafoni a mabatani ija, nkhope zimangooneka ngati munthu wazipaka matope. Pa zonsezi imene imatseguka pafupifupi paliponse ndi MP4, pa foni, pa TV, pa kompyuta, pa Facebook. Koma chonde musamangosintha dzina la fayilo, kufufuta mkv nkulemba mp4 nkumati mwakonza. Kumeneko ndi kulemba adiresi ina pa envulopu, kalata ya mkati sinasinthe, ndipo nthawi zina mumangoisokoneza makina amene akanaitsegula.

Nanga codec ntchito yake nchiyani kwenikweni? Tiwerengere limodzi. Chithunzi chimodzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi timadutsa 2 miliyoni. Kadontho kalikonse kamafuna ma byte atatu kuti kasunge mtundu wake, nde chithunzi chimodzi chokha ndi 6 MB ndi kuposerapo pang'ono. Vidiyo ndi zithunzi zambiri zothamanga, tinene 30 pa sekondi, zimenezo ndi 186 MB sekondi imodzi, mphindi imodzi ndi 11 GB. Chinkhoswe cha maola awiri sichingakwane ngakhale mu laputopu. Codec ndi imene imafinya zonsezi. Mmalo mosunga chithunzi chilichonse chathunthu, imasunga chimodzi chathunthu mwa apo ndi apo, pakati pake imangolemba zimene zasintha. Abusa akamalalikira, khoma la kumbuyo silikuyenda, guwa silikuyenda, chimene chikusintha ndi milomo ndi dzanja basi, nde codec imangoti khoma ndi lomwe lija, ndipo fayilo imachepa kwambiri. Koma ifike nthawi yovina, azimayi makumi atatu avala zitenje za maluwa ang'onoang'ono, aliyense akudikula, ndalama zikugwa, wojambula nayenso akuyenda, pamenepo chilichonse chikusintha nthawi imodzi ndipo codec imapanikizika. Mukaona vidiyo yathu ikusweka kukhala timabokosi pa nthawi ya magule pomwe pa ulaliki inali yoyera, chifukwa chake nchimenechi.

Ma codec amene mukumane nawo si ambiri. Wamkulu ndi H.264, ena amamutcha AVC, anatuluka mu 2003 ndipo zaka zonsezi opanga ma TV, mafoni ndi madekoda akhala akumuika mkati mwa makina awo, ngakhale TV yotchipa yogula ku China Mall imamudziwa. Kenako mu 2013 kunabwera H.265 amene ndi HEVC, cholinga chake chinali chakuti vidiyo ioneke chimodzimodzi koma fayilo ichepe pafupifupi ndi theka. Ndi wabwino, sindikumunyoza, koma amafuna makina amphamvu, komanso nkhani ya ziphaso zake inali yovuta ndi yodula kwa makampani, nde zipangizo zambiri zakale ndi zotchipa zilibe. Google inatulutsa VP9 chaka chomwecho cha 2013, ndipo mu 2018 gulu la makampani lotchedwa Alliance for Open Media, mmene muli Google, Netflix, Amazon, Microsoft ndi ena, linatulutsa AV1 amene salipiritsa chiphaso. VP9 ndi AV1 mumawaonera tsiku ndi tsiku pa YouTube osadziwa, koma imeneyo ndi ntchito ya YouTube, inu simufunika kuvutika nawo.

Pamene ambiri timagwera ndi apa. Kuyambira iOS 11 mu 2017, iPhone imajambula ndi HEVC pokhapokha mutaiuza zina. Mukalowa mu Settings, Camera, Formats, mupeza mawu awiri, High Efficiency ndi Most Compatible. Woyambayo ndi HEVC, wachiwiriyo ndi H.264. Mafoni a Samsung ndi ena a Android alinso ndi batani lofanana mu settings ya kamera, mawu amasiyana malinga ndi foni koma muona penapake palembedwa HEVC kapena high efficiency. Ngati memori ya foni ikukuvutani, HEVC ikuthandizani pojambula, palibe cholakwika, bola musanatumize kwa anthu muisandutse H.264. Palinso HDR, njira yowalitsa mitundu ya zithunzi imene mafoni atsopano amajambulira, pa foni yanu mitundu imawala mokongola zedi koma pa sikirini yakale nkhope zimatuwa ngati anthu asamba phulusa. Ine pa zochitika za abale HDR ndimazimitsa ndisanayambe nkomwe.

Mukafuna kudziwa chimene chili mkati mwa fayilo musanaitumize, tsegulani ndi pulogalamu ya VLC pa kompyuta, ija ya chizindikiro cha kachipewa ka pamsewu, dinani Ctrl ndi J, ikuonetsani codec. Koma samalani, VLC imatsegula pafupifupi chilichonse, nde kutseguka kwa vidiyo mu VLC si umboni wakuti ikatseguka pa TV ya kumudzi. Ine ndi pamene ndinapusitsika, ndinaiyesa pa laputopu basi nkukhutira.

Tsopano nkhani ya kukula kwa fayilo, imene kwa ife ndi nkhani ya ndalama. Anthu amakonda kufunsa kuti ndi 4K kapena 1080p, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho tija, koma chimene chimalamula ma MB ndi bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa data imene vidiyo ikudya pa sekondi iliyonse, amaiyeza mu Mbps. Masamu ake ndi osavuta, tengani bitrate muchulukitse ndi 7.5, yankho lake ndi ma MB a mphindi imodzi. YouTube imalangiza 8 Mbps pa 1080p wamba, nde mphindi imodzi ndi 60 MB, ola lathunthu 3.6 GB. Pa 720p imalangiza 5 Mbps. Pa 4K imafuna pakati pa 35 ndi 45 Mbps, ndipo iPhone yeniyeniyo imakuchenjezani mu settings kuti 4K ya zithunzi 60 pa sekondi imadya pafupifupi 400 MB mphindi imodzi yokha. Ganizirani tsono mchemwali wanu ku Mangochi amene wagula bandulo ya Airtel kapena TNM ya tsiku limodzi, foni yake sikirini ndi ya 720p mwinanso kuchepera apo, memori yatsala pang'ono chifukwa cha zithunzi za mmagulu a WhatsApp. Mukamutumizira 4K mwamulipiritsa timadontho timene maso ake sadzationa. Vidiyo ya 720p pa 2 Mbps ndi 15 MB pa mphindi, ndipo pa foni imaoneka bwino ndithu. Ya 480p pa 1 Mbps ndi 7.5 MB, ulaliki kapena uthenga wa munthu atakhala pansi umakwana pamenepo.

Anzanga ena ojambula sagwirizana nane, amati kasitomala walipira nde umupatse 4K. Zoona, mupatseni, isungidwe. Ine chimene ndimakana ndi kupanga fayilo imodzi nkumayembekeza kuti igwira ntchito paliponse. Pa chochitika chilichonse ndimatulutsa mafayilo atatu, yaikulu yosunga, ya 1080p yokweza pa YouTube ndi kuika mu fulashi, ndi kakang'ono ka 720p kodula mphindi zitatu kapena zisanu ka pa WhatsApp.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Magetsi a kuno ku South Africa ndi a ku Malawi omwe amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, pomwe mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi zimene zimagwirizana ndi magetsi a ku America a 60 Hz. Nde mukajambula mu holo ya machubu kapena mababu a LED otchipa, nthawi zina mumaona mizere ikuyenda kapena kuwala kukuphethira. Mankhwala ake ndi kujambula pa zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Pa iPhone muyatse Show PAL Formats pansi pa Record Video ndipo 25 iwonekera. Matchalitchi athu ambiri amapempherera mmaholo a lendi ku Turffontein, Rosettenville, Mayfair, magetsi ake ndi omwewa, nde yesani kaye masekondi khumi mapemphero asanayambe. Za kuimika foni kapena kuigoneka sindichedwapo, ya status, TikTok ndi Reels imikani, ya TV ndi YouTube gonekani, ndipo musatembenuze foni mkati mojambula chifukwa fayilo imasunga mmene munayambira.

Mawu ndiye musawaiwale. Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma akalephera kumva zimene ankhoswe akunena amatseka vidiyo. Pa codec ya mawu sankhani AAC, 128 kbps imakwana pa zolankhula, pa kwaya kwezani kufika 192 kapena kuposa. Koma chachikulu ndi pamene mwaima. Mukaima pafupi ndi sipika mawu amang'ambika ndipo palibe pulogalamu imene ingawasoke. Kamaiki kakang'ono kopanira pa kolala kamasintha zinthu kwambiri kuposa kugula foni yatsopano.

Kusandutsa vidiyo kuchoka ku codec ina kupita ku ina sikufuna ndalama. Pa laputopu pali HandBrake, yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Mukaponyamo fayilo, sankhani preset yolembedwa Fast 1080p30 kapena Fast 720p30, imeneyo imakupatsani MP4 ya H.264 ndi AAC mosavuta. Muona nambala ina yotchedwa RF, imeneyo ikatsika vidiyo imakongola koma fayilo imakula, ikakwera fayilo imachepa koma timabokosi timayamba, pakati pa 20 ndi 23 ndi pabwino. Chongani kabokosi ka Web Optimized, ndifotokoza ntchito yake kutsogoloku. Ngati mumadulira pa foni ndi CapCut kapena ina yofanana nayo, pa nthawi ya export musangodina mwachangu, yang'anani resolution (720p kapena 1080p), frame rate (zithunzi za pa sekondi) ndi bitrate, ndipo ngati pali posankha codec ikani H.264. Pewani mawebusaiti aja amati tikusinthirani vidiyo mwaulere, chifukwa mumayamba mwaikweza yonse, nkuitsitsanso, data kawiri, komanso vidiyo ya banja lanu mwaipereka kwa anthu osawadziwa. Chinanso, nthawi iliyonse imene vidiyo yafinyidwa imataya kanthu kosabwereranso, zili ngati fotokope ya fotokope. Muziyambira pa fayilo yoyamba ija nthawi zonse, osati imene yabwerera kuchokera mgulu.

Apa tafika pa kutumiza ndi kuika pa intaneti. WhatsApp ukatumiza vidiyo mwa nthawi zonse imaifinya yokha kuti ichepe, zimene zimathandiza wolandira koma zimadya kukongola kwake. Kuyambira 2023 pali batani la HD pamwamba musanatumize, limasunga bwinoko. Mukafuna kuti ifike mmene ilili osakhudzidwa, itumizeni ngati Document, pamenepo imalola mpaka 2 GB. Koma dziwani kuti Document siisintha chilichonse, nde ngati ili HEVC ikafikanso ili HEVC, ndipo wolandira alipira MB iliyonse. Ine ndisanatumize chinthu choposa 50 MB kumudzi ndimayamba ndafunsa, ndipo nthawi zambiri ndimatumiza kaye ya bandulo. Ubwino wa WhatsApp ndi wakuti ambiri kwathu amagula mabandulo a WhatsApp ndi Facebook okha amene ndi otchipa, nde link ya YouTube kwa iwo imakhala ngati chitseko chokhoma. Muzifunsa kaye kuti ali ndi bandulo yanji.

Pa vidiyo yaitali YouTube ndiyo imagwira bwino ntchito. Mukakweza fayilo imodzi, iyo imaipanganso mmasaizi osiyanasiyana kuyambira 144p kukwera, nde amene ali pa fibre ku Randburg aonera 1080p, amene ali ku Nkhotakota netiweki ikuvuta aonera 240p, link yomweyo. Nchifukwa chake ku YouTube mumakweza yabwino ija osati kakang'ono ka WhatsApp, poti iyo ifinyanso. Akaunti yatsopano imalola mphindi 15 zokha mpaka mutaitsimikiza ndi nambala ya foni, kenako mutha kukweza mpaka maola 12 kapena 256 GB. Mukangomaliza kukweza musadabwe kuona vidiyo ili yosaoneka bwino, imayamba kutulutsa saizi yaing'ono, HD imabwera pambuyo pake, dikirani musanagawe link. Ndipo werengerani nthawi, fayilo ya 3.6 GB pa intaneti yokweza 10 Mbps imatenga mphindi 48, pa data ya foni mwinanso kuposa. Ine ndimakweza usiku pogwiritsa ntchito data ya usiku ija, laputopu ndi rauta zonse zitatchajidwa kuopa magetsi angathime pakati.

Facebook nayonso imafinya yokha ndipo MP4 ya H.264 imailandira popanda vuto. Koma amene mumapanga Live pa mapemphero kapena pa maliro dziwani kuti kuyambira February 2025 Facebook imasunga mavidiyo a Live masiku 30 okha kenako imawafufuta. Ngati mwambo wotsanzikana ndi mbale wathu thupi lisananyamuke kupita kumudzi munauonetsa pa Live, itsitseni vidiyoyo sabata yomweyo muisunge.

Ena muli ndi webusaiti ya bizinesi kapena ya mpingo ndipo mumafuna vidiyo izionekera pomwepo. Njira yosavuta ndi kuiika pa YouTube nkutenga kachidutswa kotchedwa embed kukamata pa tsamba lanu, katundu yense amasenza ndi YouTube. Mukaika fayilo yeniyeniyo pa seva yanu, aliyense woonera akukoka ma MB onse kuchokera kwa inu, saizi ndi imodzi kwa aliyense, ndipo anthu akachuluka tsamba limayamba kukwawa. Ngati ndi kavidiyo ka masekondi makumi awiri koonetsa diresi kapena geti imene mwawotcherera, palibe vuto, ikani MP4 ya H.264. Apa ndi pamene Web Optimized ija imagwira ntchito. Fayilo ya MP4 ili ndi kagawo kamene kamauza makina kuti chithunzi chakuti chili pati, ndipo mapulogalamu ambiri amakaika kumapeto chifukwa amakalemba akamaliza. Web Optimized imakasamutsira koyambirira kuti vidiyo iyambe kuonetsa isanatsike yonse. Wina akakuuzani za FLV kapena Flash, zimenezo zinapita, Adobe inasiya Flash kumapeto kwa 2020.

Nyimbo nazo zimagwetsa anthu. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID amene amamvetsera vidiyo iliyonse, akapeza nyimbo ya mwini wake ndalama za malonda zimapita kwa mwiniyo, nthawi zina vidiyo imatsekedwa mmaiko ena. Facebook imatha kungozimitsa mawu pa gawo limenelo. Nde DJ akamaika nyimbo pa perekaniperekani dziwani kuti gawo limenelo likhoza kukhala duu. Oimba nawo ndi anthu ofuna kudya, kwathu kuli COSOMA kuno kuli SAMRO zoyang'anira zimenezi, sindikuona cholakwika. Chimene ndimachita, ya pagulu ndimadula malo a nyimbo za eni ake kapena kuika zaulere za mu Audio Library ya YouTube, yathunthu imapita mu fulashi kwa banja.

Palinso nkhani imene si ya makina koma kuno ku Joni ndi yaikulu. Si aliyense amene ali mu holo amafuna nkhope yake ioneke pagulu. Wina mapepala ake sanalongosoke, wina anapempha tchuthi kwa abwana ponena zina, wina ali ndi zifukwa za mbanja. YouTube ili ndi Public, Unlisted ndi Private. Unlisted imatanthauza kuti amene ali ndi link yekha ndi amene aone, posaka siipezeka. Za banja ine ndimaika Unlisted nthawi zonse, ndipo pa maliro ndimafunsa kaye eni mbumba ngati akufuna ijambulidwe nkomwe. Ana a anthu musawaike pa Public makolo asanavomere.

Za fulashi ndinene pang'ono poti ndi imene timadalirabe. Mafulashi ambiri amabwera ali ndi njira yosungira mafayilo yotchedwa FAT32, imene siilola fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale fulashiyo ili ya 32 GB, kompyuta imangoti fayilo yakula. Mutha kuisintha kukhala exFAT koma ma TV ena akale saiwerenga. Nde njira yotetezeka ndi kusiya FAT32 nkudula vidiyo mzigawo, gawo loyamba, lachiwiri, lililonse pansi pa 4 GB, maina afupiafupi opanda zizindikiro zachilendo. Gulani fulashi pa shopu yodalirika, zija zolembedwa ma GB ambirimbiri pa mtengo wa buledi zimanama kukula kwake, fayilo imaoneka ngati yalowa koma mkati ndi yoonongeka. Ndipo fayilo yoyamba musaisunge mu foni mokha, mukudziwa mmene mafoni amasowera mu taxi ndi pa Park Station, ikhale malo awiri, hard drive ndi penanso.

Ya ku Ntcheu ija ndinaikonza usiku womwewo. Ndinatenga fayilo yoyamba, HandBrake, Fast 1080p30, zigawo ziwiri, kenako mmawa ndinapita kwa neba wanga wa ku Zomba amene ali ndi ka TV kakale kuchipinda, ndinamupempha ndiyesere pamenepo ndipo zithunzi zinatuluka. Ndinadulanso mphindi zinayi za pamene mkwatibwi akulowa atafunditsidwa chitenje, 720p, inakwana 58 MB, ndinatumiza ya bandulo kwa mng'ono wa mkwati uja nkumuponyera pa WhatsApp kuti mayi asadikire fulashi. Fulashi yachiwiri inanyamuka Lachisanu. Lachiwiri lotsatira foni inaliranso nthawi yomwe ija ya 7, ulendo uno anali mayi eni ake, kumbuyo kukumveka phokoso la ana. "Bambo, tamuona mpongozi wathu, ndipo tabwereza kawiri. Koma uja wavala chitenje chobiriwira akuvina kutsogoloyo ndi mwana wa ndani?"